Maginito akakana chitsulo chofiira

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji maginito amene mumagwiritsa ntchito ku Magaba, malo a amisiri a ku Mbare kuno ku Harare, amakana kumata chitsulo chikafiira pamoto, koma chikazizira n'kumatanso. Musawataye, sanathe mphamvu ayi. Chimene chasintha ndi chitsulocho.

Atomu iliyonse ya chitsulo ili ngati kamaginito kakang'onong'ono, chifukwa cha khalidwe la ma elekitironi ake (tinthu ting'onoting'ono ta mu atomu) limene asayansi amalitcha spin. Chitsulo chikakhala chozizira, timaginito toyandikana timagwirizana kuloza kumodzi. Moto ukayamba kulowa, kamodzi kamapendekeka pang'ono n'kukoka kanzake, kanzakeko n'kukokanso kena. Munaonapo kubwalo la mpira la Rufaro anthu akudzuka n'kukhala motsatizana, funde n'kuzungulira bwalo lonse chonsecho palibe wachoka pamalo pake? Ndi momwemo. Felix Bloch anafotokoza mafundewa mu 1930, ndipo lero amatchedwa ma magnon. Simungaloze atomu imodzi n'kunena kuti magnon ndi iyi, poti ndi gule wa gulu lonse.

Moto ukamakula mafunde aja amachuluka, mgwirizano n'kumachepa. Pa madigiri 770 a Celsius umatheratu, kalikonse kayamba kuloza kwake. Apa mpamene ine zimandidabwitsabe: chitsulo chikadali gwa, mutha kuchimenya ndi hamala, poti kusungunuka kwake ndi pa 1538 uko, koma m'kati mwasintha kale. Malire amenewa anapatsidwa dzina la Pierre Curie, amene anafufuza zimenezi mu 1895. Nickel ngati wa ku migodi ya ku Bindura malire ake ali cha m'ma 358. Gadolinium, mtundu wina wa chitsulo, ndiye woseketsa, ake ali cha pa 20 basi. M'mawa wa mu June kuno ku Harare angamate bwinobwino, masana a mu October n'kufooka.

Akatswiri a masiku ano anatembenuza nkhaniyi. Amaziziritsa chinthu mpaka kufupi ndi madigiri 273 pansi pa ziro, pamene kutentha kulibenso chonena, kenaka mgwirizano uja amauthyola ndi maginito amphamvu oikidwa chopingasa. Mu 2010 Radu Coldea wa ku Oxford ndi anzake anachita zimenezi pa chinthu chotchedwa cobalt niobate, nachiomba ndi ma neutron (tinthu tina ta mu atomu) kuti aone mafunde a m'katimo. Mphamvu za mafunde awiri oyambirira atagawa yaikulu ndi yaing'ono, yankho linayandikira 1.618, monga masamu analoserera kalekale. Izo n'za m'malabu, ku msika wa Siyaso ku Magabako sitizifika.

Chimodzi chokha, achimwene. Ngati maginito anu ndi aja onyezimira a neodymium, musawasiye pachitsulo chamoto. A neodymium wamba amayamba kuonongeka cha pa madigiri 80, ndipo iwowo akazizira mphamvu sibwerera yonse. Ine ndinaononga awiri ndikuyesa msomali pambaula, ana akuonerera. Amangeni kuwaya, mungogunditsa pang'ono n'kuchotsa msanga.