Kwa mayi wa ku Matawale amene wafunsa za mabisiketi opanda mazira, mkaka ndi tirigu

Achemwali, funso lanu ndaliona mochedwa, ndipo ndapeza ena akuyankhani kale kuti "mwanayo muzingomulawitsa pang'onopang'ono, thupi lizolowera." Ndiyambire pomwepo: chonde musayese. Mwalemba kuti mwana wanu wa zaka 5 mazira ndi mkaka wa ng'ombe zimamuwenga, akadya amatuluka zidzolo n'kutupa milomo, komanso kuti mwana wa alamu anu amene wabwera holide ino adokotala anamuletsa za tirigu. Mukufuna mabisiketi a zipatso oti anawo apange okha n'kudyera mbale imodzi, koma uvuni mulibe. Mwana amene amafika potupa milomo si woyesererapo zinthu pakhomo, zoti adzalawenso dzira anene ndi adokotala amene amamuona. Koma mabisiketiwo atheka ndithu. Wanga wachiwiri mazira ndi mtedza zimamuwenga, ndiye njira iyi ndaiyenda.

Musavutike ndi maresipi a pa intaneti ofuna zinthu zoti mukazisake ku Blantyre. Amayi athu ankaphika chigumu ndi zitumbuwa opanda dzira ngakhale limodzi, opanda mkaka, opanda tirigu, ndipo sizinkayoyoka. Chimene chinkagwira ufawo ndi nthochi. Nthochi yakupsa kwambiri imamata ufa ngati dzira, imatsekemera ngati shuga, imafewetsanso. Theka la nthochi yaikulu limalowa m'malo mwa dzira limodzi. Ndikunena nthochi zija za mawanga akuda zimene amayi a mu msika waukulu amakutsitsirani mtengo madzulo chifukwa mawa sizigulika. Zachikasu zokongola zija muwasiyire odya pamanja.

Za ufa. Chimene kawirikawiri chimavuta mu tirigu ndi gluteni, chinthu chimene chimachititsa kuti ufa wa mandasi uzitamuka mukaukanda. Mu chimanga, mpunga, chinangwa, mapira ndi mawere mulibe. Ine ndimakonda ufa wa mpunga, poti mpunga wa ku Chilwa tili nawo pafupi, ndipo wosweka uja wotchipa ndi womwewo wabwino. Pawokha umatuluka ngati mchenga m'kamwa, choncho ndimauphatikiza ndi ufa wa chinangwa, umene umamata. Wa chinangwawo ukhale woviikidwa ndi kuuma bwino, chifukwa chinangwa chowawa chosaviika chili ndi poizoni. Mgaiwa nawo umatheka, kungoti zotulukazo zimakhala tizigumu, ndipo ana amazindikira msanga kuti mwawapusitsa.

Muyezo wanga ndi uwu, kapu yake ya tiyi ija: kapu imodzi ya nthochi zophwanya, kapu imodzi ya ufa wa mpunga, theka la kapu ya ufa wa chinangwa, masupuni akuluakulu atatu a mafuta ophikira, theka la supuni yaing'ono ya soda, supuni yaing'ono ya madzi a ndimu, ndi kamchere kotsina ndi zala. Shuga sindithira. Ndimuyo musaiwale, soda amafufumitsa bwino akakumana ndi chowawasa. Ndimu akasowa, supuni yaikulu ya ufa wa malambe imagwira ntchito yomweyo ndipo kakomedwe kake ana amakakonda. Soda musachulutse poganiza kuti afufuma kwambiri, mabisiketi amafiira n'kumamveka sopo. Mukasakaniza, vindikirani kwa mphindi 20 kuti ufa wa mpunga umwe madzi a nthochi. Poyamba ndinkathamangira kuphika, n'kumadabwa kuti bwanji akulumika ngati muli timiyala. Muyezo umenewu umatulutsa timabisiketi pafupifupi 15.

Ndagwiritsa mafuta ophikira dala. Majarini ena ali ndi mkaka mkati, ndiye mukafuna majarini werengani paketi, mukaona mawu akuti milk kapena whey, bwezani pa shelefu. Bekingi paudala winanso amasakaniza ndi ufa wa tirigu, n'chifukwa chake ndimangokhalira soda.

Zipatso zowonjezera zimatengera nyengo. Kuno ku Zomba tili ndi mwayi wa masitiroberi ndi mabulosi amene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri cha ku Ku Chawe, koma zimenezi n'zamadzi. Mukazisakaniza mu ufa zimasukuluza zonse, pakati sipapsa. Muzidule ting'onoting'ono, mwana aliyense adinikize kachidutswa pamwamba pa bisiketi yake. Mango akachuluka cha mu Disembala, dulani tizidutswa topyapyala, muyanike tsiku la dzuwa pa lichero lophimba ndi kansalu koyera, owumawo ndiye amakoma zedi mkati mwa bisiketi. Magwafa muwaphwanye n'kuwasefa, njere zake zingathyole dzino la mwana. Masuku mufinye, muchepetseko nthochi. Papaya ndinalilephera, limangosanduka madzi. Chipatso chimene mwana wanu sanadyepo musachiyambire mu bisiketi tsiku la alendo, chifukwa akatuluka zidzolo simudziwa cholakwa n'chiti.

Tsopano chimene ndikufuna mumvetsetse kuposa resipi yonseyi ndi chigayo. Tsiku lina ndinatuma mwana kukagayitsa mpunga pa chigayo china cha kuno kwathu, ndaphika bwinobwino, mulibe dzira, mulibe mtedza. Mnyamata wanga atadya awiri anayamba kukanda pakhosi, m'maso mofiira, zidzolo mpaka kumsana. Ndinafufuza chilichonse m'khitchini osapeza. Mawa lake wotumidwa uja ndi amene anati, "Amayi, amene anali patsogolo panga amagayitsa za phala la mwana." Za phala la mwana mukuzidziwa: chimanga, soya ndi mtedza pamodzi. Ufa woyamba kutuluka umatsuka za mnzako zotsalira m'chigayo, ndipo kwa mwana wa ziwengo kochepa komweko n'kokwanira. Kuyambira pamenepo mpunga ndimasinja ndekha. Ndimauviika usiku wonse, m'mawa ndimautsanula n'kuuyanika pang'ono kuti ungochoka madzi, kenako mumtondo, kusefa, kubwezera misere, kusinjanso. Makapu awiri satenga nthawi, ndipo ana amalimbirana musi. Koma mtondonso samalani, ngati ndi umene mumasinjira nsinjiro, mafuta a mtedza amalowerera mu mtengo. Inu vuto lanu si mtedza, koma nkhani ndi yomweyo: sefa imene munasefera ufa wa mandasi, mthiko umene munatakasira phala la mkaka, thireyi imene munaphikira keke ya mazira. Tsukani ndi sopo ndi madzi otentha, ndipo sefayo ndi bwino kungogula ina, ufa wa tirigu umabisala m'timabowo. Tsiku limenelo pathebulo pasakhale mandasi kapena buledi, manja a ana sachedwa kuyenda.

Kuphika pa mbaula si nkhani. Tengani mpoto waukulu wakale, thirani mchenga wouma kufika zala ziwiri, muutenthetse wovindikira kwa mphindi 10. Ikani timiyala titatu pa mchengapo, mbale yachitsulo yopaka mafuta ikhale pa timiyalato. Makala ambiri apite pa chivindikiro, pansi patsale ochepa, monga timachitira ndi chigumu. Ine ndimayesa moto powaza kaufa pa mbale: kakada nthawi yomweyo, moto wachuluka, phulani makala ena. Kazisintha mtundu pang'onopang'ono. Mabisiketiwa sadzitambasula okha ngati a batala, ndiye ana atape ndi supuni, aike pa mbale, aphwatalitse ndi zala zonyowa kuti akhale opyapyala ngati chala chaching'ono. Pa mbaula amatenga mphindi 15 mpaka 20, muzisuzumira. Amene muli ndi uvuni m'gulu muno, ikani pa madigiri 180 kwa mphindi 12 mpaka 15. Akapsa musawanyamule otentha, amanyotsoka. Adikire azizire pa mbale pomwepo, chinangwa chija chimalimba akamazizira.

Anawo muwauziretu kuti sakhala okhukhuta ngati a m'golosale, amakhala ofewa, m'mbali mokha ndi mouma. Anga nditawauza kuti ndi mabisiketi ananyinyirika, nditawalola kuti atchule okha dzina anawatcha "tinthochi ta mbaula", mpaka lero amafunsa dzina lomwelo. Wa zaka 5 mumupatse foloko ndi mbale aphwanye nthochi, ntchito imeneyo palibe choiwononga. Wamkuluyo ayeze makapu ndi kuwerenga masupuni. Pa mbaula pakhale inu nokha. Ndipo ngakhale mulibe dzira, asanyambite ufa wosaphika, ufa wauwisi umatha kukhala ndi tizilombo totsegula m'mimba.

Ndaona pansipa mayi wina wafunsa ngati angapatse mwana wake wa matenda a shuga poti mulibe shuga wothira. Mayi, nthochi yakupsa, mpunga ndi chinangwa zonsezi zimakweza shuga m'magazi, bisiketi imeneyi muiwerengere ngati chakudya china chilichonse chokhutitsa, ndipo kuchuluka kwake mufunse kumene mwanayo amalandira insulini. Wina wati athiremo uchi: kwa ana okulirapo palibe vuto, koma khanda losakwana chaka chimodzi uchi ayi, ngakhale wophikidwa.

Achemwali, poti mwatchula kutupa milomo, mukadzaona lilime kapena nkhope ikutupa, mawu asintha, kapena mwana akubanika, musadikire kuti muone ngati zitsike. Pezani galimoto kapena njinga yamoto muthamangire ku chipatala cha Zomba Central, kuchoka ku Matawale si kutali. Mabisiketi otsala muwasunge m'bakuli lotseka, koma chifukwa cha nthochi sapitirira masiku awiri kunja kukatentha, amayamba nkhungu. Mu filiji amafika masiku anayi kapena asanu, ndipo mukawatenthetsa pang'ono pa chiwaya chouma amabwerera mwakale.