Pulinta yanji yoyenera zithunzi zakuda ndi zoyera za pachionetsero?

Funso: Akonzi, ndine wojambula zithunzi mu Blantyre, ndipo ndikufuna kuyamba kusindikiza ndekha zithunzi zakuda ndi zoyera zoti ndizionetsa ndi kugulitsa. Pulinta yomwe ndili nayo imatulutsa zithunzi zobiriwirira. Maso anga ali pa Epson SureColor P900 ndi Canon imagePROGRAF PRO-1100, koma anzanga akuti ndingogula makina aakulu olandira pepala la mainchesi 44 m'lifupi. Ndisankhe iti?

Yankho: Kubiriwirako kumabwera chifukwa pulinta wamba imakhala ndi inki yakuda imodzi yokha, ndiye ikafuna mtundu wotuwa imasakaniza inki zamitundu. Imodzi ikangochulukako pang'ono, chithunzi chonse chimapendekera ku mtundu umenewo, ndipo nthawi zina chimaoneka mwina padzuwa, mwina pa getsi la m'nyumba. Makina awiri mwatchulawa amachepetsa kwambiri vutoli, pakuti onse ali ndi inki zotuwa ziwiri ndi zakuda ziwiri, ina ya pepala lonyezimira, ina ya pepala losanyezimira. Inki zake ndi za pigment, zomwe sizifwifwa msanga ngati za dye, chinthu chofunika kwa munthu amene akugulitsa chithunzi choti chikakhale pakhoma zaka zambiri.

Onse amalandira pepala lofika mainchesi 17 m'lifupi, pafupifupi masentimita 43. P900 inatuluka mu 2020 ndipo ili ndi inki 10 m'makatiriji a mamililita 50. Inakonza cholakwika cha makina akale monga P800 ndi 3880, amene inki zakuda ziwirizo zinkadzera njira imodzi, moti ukasintha pepala inki inkatayika potsuka. Ili ndi njira yotchedwa Advanced Black and White, yomwe imadalira kwambiri inki zakuda ndi zotuwa, n'kukulolani kusankha ngati chithunzi chikhale chofiirira pang'ono ngati zakale zija kapena ayi. Mukhozanso kuigulira chogwirira pepala la mpukutu. PRO-1100 ndi ya mu 2024, inalowa m'malo mwa PRO-1000, ndipo makatiriji ake 12 ndi a mamililita 80. Imodzi mwa inkizo, Chroma Optimizer, ilibe mtundu. Ntchito yake ndi kusalaza kunyezimira kuti pakuda ndi poyera pazionekera mofanana, ndipo phindu lake limaoneka bwino pa mapepala a baryta, onyezimira pang'ono ngati a zithunzi zakale zotsukidwa m'chipinda chamdima.

Kunena zoona, zithunzi za makina awiriwa zikaikidwa m'galasi, ndi ochepa angazisiyanitse. Chimene chiyenera kukusankhirani ndi mmene muzisindikizira. Hedi ya Epson, mbali yomwe imapopera inki papepala, ili ndi timabowo tomwe timatha kutsekeka makina akakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, ndipo ikafa pamafunika mmisiri. Ya Canon mungaisinthe nokha, koma makinawo amadzitsuka pafupipafupi ndipo amamwa inki yambiri potero, makamaka akamagwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo. Kwathu kuno, kumene inki yotere kawirikawiri imachita kuitanitsidwa kuchokera ku Johannesburg kapena kutali, nkhani imeneyi si yaing'ono. Funsani kaye amene angamakubweretsereni makatiriji musanalipire makina, muwavindikire ku fumbi la m'chilimwe, ndipo muwalumikize ku UPS, chipangizo cha batire chosunga magetsi, kuti magetsi akathima pepala lodula lisaonongekere pakati.

Ine ndingakulangizeni P900 ngati muzisindikiza mlungu uliwonse, makamaka pa pepala la thonje losanyezimira monga Hahnemühle Photo Rag lolemera magalamu 308 pa sikweya mita. Ngati mtima wanu uli pa pepala lonyezimira ndipo mmisiri wa makina otere muli naye kutali, tengani Canon. Kuli njira inanso ya akatswiri, inki za Piezography zomwe anayambitsa Jon Cone ku Vermont, m'dziko la America. Zimalowa m'malo mwa inki zamitundu pa makina ena a Epson ndipo zimayendetsedwa ndi pulogalamu ya QuadToneRIP, koma imeneyo si njira yoyambira, pakuti makinawo sasindikizanso zithunzi zamitundu.

Za mainchesi 44, monga Epson P9500 kapena Canon PRO-4600, anzanuwo musawamvere msanga. Makina amenewa amafuna malo aakulu, makatiriji ake ndi akuluakulu ndi odula, ndipo amapindulitsa munthu amene ali ndi ntchito tsiku ndi tsiku. Chithunzi chachikulu cha kamodzikamodzi ndi bwino kukachisindikizitsa kwa ena, ndalama yotsalayo mugulire mapepala abwino ndi chipangizo cholinganizira kuwala ndi mitundu ya sikirini ya kompyuta yanu, chifukwa sikirini yowala mopitirira ndiyo kawirikawiri imachititsa kuti chithunzi chituluke chakuda kuposa mmene munachionera.