Funsani Azakhali: Sikelo ya amuna anga yandisowetsa tulo

FUNSO

Azakhali, ine ndimakhala mbali ya ku Santhe kuno ku Kasungu. Mwana wanga woyamba ali ku koleji ku Lilongwe, ndipo pa holide yapitayi anabwera ndi kanema wa The Sopranos pa laputopu. Tinkaonera usiku uliwonse, iye n'kumandimasulira pomwe Chingerezi chandithawa. Bambo wa m'kanemamo ndi mkulu wa zigawenga koma amakonda ana ake, ndipo mkazi wake amapemphera, amaphika, sasowa kanthu. Chandisowetsa tulo n'chakuti amuna anga amagula soya, mtedza ndi chimanga kwa alimi, ndipo sikelo yawo imabera. Sanandiuzepo okha, ndinamva kwa mnyamata wawo wonyamula matumba. Malata a nyumba, fizi ya mwanayo, ngakhale laputopu yomwe tinkaonerapoyo, zonse zachokera pa sikelo imeneyo. Ine sindinaberepo munthu. Kodi ndili ndi mlandu? Nanga ndikayankhula, sindipasula banja?

NaPhiri, Kasungu

YANKHO

NaPhiri, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Kanemayo inenso ndinamuonera yense, mdzukulu wanga ndiye anandiikira pa fulashi, ndipo ndinakhala milungu ingapo ndikupsereza ndiwo chifukwa cha iyeyo. Kwa owerenga amene sanamuone: ndi sewero la pa TV la ku America lomwe linayamba kuonetsedwa pa kanema wa HBO mu 1999 n'kutha mu 2007, magawo 6, ndime 86. Analiyambitsa ndi David Chase. Likukamba za Tony Soprano, mkulu wa gulu la zigawenga la mafia ku New Jersey, amene anthu akamufunsa ntchito amati amayendetsa za kutaya zinyalala. Amene ankasewera ngati Tony, James Gandolfini, anamwalira ku Rome mu 2013.

Ndiyambe n'kukukhazikani mtima pansi. Amuna anu si Tony. Sanapotokole khosi la munthu, ndipo aliyense wokuuzani kuti sikelo yobera n'chimodzimodzi ndi kupha akukokomeza. Koma inu simunandifunse za amuna anu. Mwandifunsa za inu, ndipo ndikukayikira kuti amene wakusowetsani tulo m'kanemamo ndi Carmela, mkazi wa Tony.

Ndime yomwe inandigwira ine ili m'gawo lachitatu. Carmela apita kwa dokotala wa maganizo, nkhalamba ya Chiyuda dzina lake Krakower, akuyembekezera kuti amusisita pamsana monga amachitira wansembe wake. Nkhalambayo siinamunyengerere. Inamuuza kuti atenge ana achoke, asatengeko ndalama za mwamunayo, ndipo inakana kulipidwa chifukwa ndalama za m'chikwama chakezo n'zamagazi. Inamuuzanso kuti kuyambira tsiku limenelo sadzathanso kunena kuti palibe anamuuza. Tsono taonani zomwe Carmela anachita. Anabwerera kunyumba, n'kugona pasofa atadzifunditsa ngati wodwala, mpaka Tony anavomera kupereka madola 50,000 ku yunivesite ya Columbia kumene mwana wawo Meadow ankaphunzira. Chikumbumtima chinamuwawa ndithu, koma ululuwo anaugulitsa. M'gawo lachisanu atapatukana, Carmela anabwerera m'banja Tony atalonjeza madola 600,000 ogulira malo omangapo nyumba. Ndipo m'gawo lomaliza, atayamba kufunsa kuti kodi Adriana, chibwenzi cha Christopher wa m'gulu la Tony, anasowera kuti, Tony anangotuma munthu kukaopseza woyendera zomangamanga kuti nyumba ija ipitirire kumangidwa. Mafunso anathera pomwepo. Adriana anali ataphedwa kalekale m'tchire molamulidwa ndi Tony yemweyo.

Carmela sanagwirepo mfuti. Ntchito yake m'nyumba muja inali kusafunsa, ndipo ankalipidwa bwino pa ntchitoyo. Mawu anu akuti “ine sindinaberepo munthu” ndi oona, koma kuyambira tsiku lomwe mnyamata wonyamula matumba anakunong'onezani, kukhala chete kwanu kwasanduka ntchito yomwe mukuigwirira sikeloyo.

Izi sindikuyankhula ngati woyera. Bambo anga anali kalaliki pa esiteti ina ya fodya komweko ku Kasungu, nthawi yomwe matenanti ankakhala chaka chonse akutenga ufa, mchere ndi sopo pangongole, n'kudzawerengetsera fodya akagulitsidwa. Buku la ngongole linkagona kwathu, lachikuto chakuda, m'mphepete mofiira. Ndili Sitandade 6 ndinaona bambo usiku, nyali ya koloboyi ili pambali, akusandutsa 1 kukhala 7 ndi bolopeni. Mayi anali pomwepo akusoka chigamba pa yunifolomu yanga. Anadzutsa mutu, anaona, n'kubwezeranso maso pa singano. Kumapeto kwa chaka kunabwera tenanti wina wochokera kummwera, mkazi wake atabereka mwana kumbuyo, kudzamva kuti watsala ndi ngongole m'malo molandira. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu mpaka dzuwa kulowa, osalira, osatukwana. Yunifolomu yotsatira ndinavala yatsopano. Boma linathetsa utenanti m'malamulo a ntchito mu 2021, koma munthu uja pansi pa mango sanachoke m'mutu mwanga, ndipo mayi anamwalira tisanakambepo za usiku umenewo.

Tiyeni tiwerengere limodzi za sikelo yanuyo, poti nkhani ya chikumbumtima imazemba ikapanda manambala. Tinene kuti thumba la makilogalamu 50 imalionetsa 45. Pa matumba 100 ndiye kuti makilogalamu 500 alowa m'nyumba mwanu osalipiridwa, matumba 10 athunthu. Eni ake si anthu a ku New Jersey. Ndi mayi amene mumakhala naye benchi limodzi ku mvano, amene anakongola feteleza, n'kubwera ndi soya wake panjinga kuchokera kutali. Boma likalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, iye amawerengera pamtima kuti apeza zakuti, ndipo akachoka pa sikelo paja amaganiza kuti munda ndiwo unamukana.

Mwafunsa ngati kuyankhula sikupasula banja. Apa ndi pomwe kanemayu ali ndi nzeru kuposa alaliki ambiri. Magulu a mafia amadzitcha okha mabanja, ndipo Tony chilichonse choipa amati akuchitira banja. Ifenso timati chibale ndi fupa sichiola. Koma tawerengani amene anamuvulaza ndi amene iye anawavulaza. Mayi ake omubala, Livia, ndi bambo ake aakulu, Junior, ndiwo anapangana zomupha m'gawo loyamba. Junior yemweyo atakalamba n'kusokonezeka mutu anamuwombera pamimba. Christopher, mnyamata amene Tony ankamutenga ngati mphwake ndipo ankamukonzera mpando, anafera m'manja mwa Tony: atachita ngozi ya galimoto, Tony anamutsina mphuno mpaka kutsamwa ndi magazi ake omwe. M'nyumba yomwe aliyense wazolowera kuti choonadi sichinenedwa, bodza silimangokhala la anthu akunja okha. Mwamuna amene waphunzira kuyang'ana mlimi m'maso n'kumuuza kuti 45, tsiku lina adzayang'ana inu m'maso momwemo pa nkhani ina.

Ndiye pali mwana wanuyo. Mukukumbukira ndime ija Tony akuyenda ndi Meadow pagalimoto kukaona makoleji ku Maine? Mtsikanayo anafunsa bambo ake mosapita m'mbali ngati ali m'gulu la mafia. Tony anakana, kenako n'kuvomera pang'ono kuti ndalama zina zimachokera ku juga yoletsedwa. Pa ulendo womwewo anazemba n'kukapha ndi waya munthu amene kale anapereka anzake kwa apolisi, n'kubwerera kukatenga mwana wake ngati wachokera kogula buledi. Meadow anali ndi maso, anaona matope pa nsapato ndi bala padzanja. Koma pofika kumapeto kwa kanemayu, mtsikana wanzeru uja akusankha kuphunzira zamalamulo, akunena kuti chamukoka n'kuona momwe apolisi a FBI ankazunzira bambo ake. Anaphunzira kwa mayi ake kuyang'ana kumbali. Ine ndikanakhala inu ndikanadzifunsa kuti mwa makanema onse a pa laputopu paja, n'chifukwa chiyani mnyamata wanu anasankha ameneyu kuti aonere ndi mayi ake, n'kumamasulira mawu ndi mawu. Mwina zinangochitika. Koma ana a mavenda amakulira pa sikelo, ndipo amadziwa kuwerenga muvi.

Malangizo a nkhalamba ija akuti nyamulani ana muchoke sindingakupatseni. Amenewo ndi a mkazi wa chigawenga chopha anthu, ndiponso a dziko lomwe mkazi akachoka amakapeza ntchito mawa lake. Inu muli ndi mwamuna amene akhoza kusintha sikelo n'kupitiriza bizinesi yomweyo, phindu n'kuchepa koma osatha. Musayambire kwa ankhoswe, musayambire kwa abusa, ndipo dzina la mnyamata wonyamula matumba lisatuluke pakamwa panu, angachotsedwe ntchito chifukwa cha inu. Yambirani kuchipinda, muli awiri, atadya. Musawafunse ngati amabera, poti funso limenelo yankho lake ndi mkangano. Auzeni kuti mukudziwa, ndipo muwauze zomwe inu mwakonzeka kusiya kuti ndalama zikachepa nyumba iyendebe: kaya ndi nyama ya Lamlungu, kaya ndi zitenje za chaka chino, kaya mpanda wa njerwa udikire. Carmela mbali imeneyi ndi yomwe inkamukanika. Ankafuna mtima woyera ndi mikanda yagolide yomwe, zonse pakamodzi. Mukapita kwa amuna anu ndi chidzudzulo chokha, manja ali chitambasulire kudikira ya ndiwo monga kale, adzakusekani, ndipo adzakhala ndi chifukwa.

Muwakumbutsenso kuti a bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo m'misika ndipo opezeka obera amalandidwa. Amuna ena amene samva za tchimo amamva za kulandidwa katundu pamaso pa anzawo. Akakana zonsezi, pamenepo ndiye muitane ankhoswe, ndipo muyambe kageni kanu, ngakhale ka mandasi, kuti pakhale ndalama ina m'nyumbamo yomwe mukudziwa kumene yachokera.

Akakuuzani kuti ndi mabodza a anthu ansanje, musatsutsane nawo. Feteleza akabwera, tengani thumba limodzi la makilogalamu 50 lomwe silinatsegulidwe, muwapemphe alikoleke pa sikelo yawoyo inu mukuona, pasakhale wina aliyense. Mukaona pomwe muvi waima, mundilemberenso.

Azakhali