Masipoko akumbuyo akungoduka: vuto n'kukunga kapena kukhwepa?

Funso: Ndimalemera makilogalamu 115. Masipoko a gudumu lakumbuyo la njinga yanga akungoduka. Ndikasintha imodzi, ina imatsatira. Kodi anakungidwa mopitirira?

Yankho: Kawirikawiri amaduka chifukwa chokhwepa. Gudumu likamazungulira, masipoko amene afika pansi amafewerako chifukwa thupi lanu latsamira pa limu. Sipoko yokungidwa bwino imafewa pang'ono chabe. Yokhwepa imalekereratu kukoka, kenako n'kukokedwanso mwadzidzidzi, ulendo wonse. Zili ngati waya amene mukumupinda uku ndi uku: mapeto ake amathyoka. Taonani yodukayo, mupeza kuti yathyokera pokhota paja, pamene imalowera mu habu, chitsulo cha pakati pa gudumu.

Mbali ya tcheni ikungeni mphamvu ya makilogalamu 100 mpaka 120 pa chida choyezera kukungika kwa masipoko. Mbali inayo imakhala yofewerapo ndithu, poti magiya amachititsa kuti masipoko a mbali ziwirizi asapendekeke mofanana. Musalimbane nayo kuti ifanane ndi inzake, limu ichoka pakati. Chofunika n'chakuti masipoko a mbali imodzi akoke mofanana. Ngati choyezera mulibe, akhwayeni ndi chala ngati nsambo: yolira mobuma ndiye yokhwepa.

Donthezani mafuta pa mazinga, yambirani pa valavu, muzipotokola kanati kogwira sipoko ku limu kota imodzi pa sipoko iliyonse mpaka muzungulire. Sipoko imapotoka limodzi ndi kanati kake, ndiye muzipitirirako pang'ono n'kubweza. Mukatha, finyani masipoko awiriawiri oyandikana ndi dzanja mwamphamvu, gudumu lonse, kenako wongolaninso. Ambiri amadumpha pamenepa, n'chifukwa chake gudumu limalira "ting'iting'i" tsiku loyamba n'kupindika. Mukakunga mopitirira, limu imang'aluka m'mphepete mwa mabowo.

Atatu akaduka, enawo atopanso kale. Lukani gudumu lonse ndi atsopano.

Funso: Nanga ndigule masipoko onenepa?

Yankho: Kunenepa pakokha sikuthandiza. Sankhani masipoko 36, olukidwa modutsana katatu, pa limu ya makoma awiri, ndi tinati ta bulasi. Sipoko ya mamilimita 2.0 kumapeto ndi 1.8 pakati imakhalitsa kuposa ya 2.0 yonse, chifukwa pakatipo pamatamuka, sikhwepa msanga, ndipo pokhota paja pamapuma. Ziliponso za 2.3 pokhota, koma yambani mwaona ngati mabowo a habu yanu angazilole.