Funsani Makaniko: Ndiike mababu a LED pa Probox yanga?

FUNSO: Bambo makaniko, ndimayendetsa Probox pakati pa Nchalo ndi Bangula, nthawi zambiri usiku. Magetsi anga ndi ofooka moti a kabaza ndi ngolo za ng'ombe ndimaziona nditafika kale pafupi. Anzanga pa siteji akuti ndigule mababu a LED. Ndigule kodi?
Dalaivala wa ku Nchalo

YANKHO: Achimwene, musanapisire m'thumba, kayang'aneni galasi lapulasitiki la magetsiwo masana. Dzuwa la kuno ku Chigwa limawotcha pulasitiki ija mpaka kuchita chikasu ndi kuoneka mbuu, ndipo babu lililonse mungaike kumbuyo kwake liziwala mofooka basi. Galasilo lipukuteni ndi sandipepala wosalala kwambiri komanso polishi. Onaninso waya wa earth, umene umalumikiza magetsi ku chitsulo cha galimoto, chifukwa ukachita dzimbiri babu silirandira moto wokwanira. Magalimoto ambiri obwera pagalaja panga ndi dandaulo ngati lanuli amachira pamenepa.

Tsopano za LED. Probox imagwiritsa ntchito babu la H4, la mawati 60 pa fulu ndi 55 pa dimu. Mbale yonyezimira ya kumbuyo kwa babu anaipanga moyeza ndendende pamene pamakhala kawaya kamene kamayaka mkati mwa babumo. LED ilibe kawayako, imawala kuchokera pa timachipu tophwatalala, ndipo tikaphonya malo aja ngakhale pang'ono, kuwala kumamwazika. Inu mukaona patsogolo pa bampala pali mbee mumati zatheka, koma patali, pamene pali ngolo ija, pamakhalabe mdima. Mnzanu wobwera kutsogolo ndiye akuthobwa m'maso ngakhale muli pa dimu. Taganizani mutakumana naye pa makona a Thabwa mukukwera ku Blantyre.

Mababu ambiri a pamsika amalembedwa 6000K, kuwala koyera kopita ku buluu. Pa fumbi la mu Okutobala kapena pa mvula yamphamvu, madalaivala ambiri amaona bwino ndi kuwala kwachikasu pang'ono kwa babu wamba. LED imatenthanso kumatako kwake, n'chifukwa chake amaiikira kafani. Ku Ngabu kumatentha kupitirira madigiri 40, kafaniko kakadzadza fumbi babu silikhalitsa. Ndipo musachotse chivindikiro cha raba cha kumbuyo kuti babu lilowe, monga amachitira anyamata ena, mvula ikayamba madzi alowa m'magetsimo.

Ine ndikadakhala inu ndikadagula H4 wamba watsopano, awiri onse, n'kuwongoletsa magetsi. Koma ngati mtima uli pa LED, sankhani ya timachipu topyapyala, ndipo poika babulo timachipu timeneti tiyang'ane kumanzere ndi kumanja. Usiku imikani galimoto pamalo osalala, mamita 7 kuchokera pakhoma, muyatse dimu. Kuwala kuzithera pa mzere wooneka bwino, wotsikirako pang'ono kuposa msinkhu wa magetsi, n'kukwera mbali ya kumanzere kokha, kumene kumayenda a njinga. Mukaona kuwala kwangoti mwaa khoma lonse, lichotseni babulo mukabweze kumene munagula.