Kodi anthu wamba ngati ife tingaletse nkhondo isanayambe?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dwangwa. Mwana wawo woyamba ali pa maphunziro a usilikali ku Salima, ndipo alongo awo awiri ndi asodzi. Akuti nkhani ya malire a nyanja pakati pa ife ndi Tanzania ikangobuka pa Facebook, anyamata amalemba kuti "tikawaswe basi", iwo tulo osabwera. Funso lawo ndi ili: atsogoleri atati asankha nkhondo, munthu wamba angachitenji? Anamva kuti anthu anaguba dziko lonse lapansi kukana nkhondo ya ku Iraq, koma inamenyedwabe. Ndiye zionetsero n'zachiyani?

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhawa yanu. Za Iraq munamva zoona. Pa 15 February 2003 anthu mamiliyoni anadzaza misewu ya mizinda yambirimbiri, ku London kokha analipo pafupifupi miliyoni imodzi. Pa 20 March mabomba anayamba kugwa pa Baghdad. Anthuwo sanalakwe kuguba, koma anadzuka madzi atafika kale m'khosi: asilikali ndi zida zinali zitaunjikidwa kale ku Kuwait, ndipo oguba ambiri atamaliza tsiku lawo limodzi anabwerera kwawo. Komabe pali mbali ina imene siikambidwa kawirikawiri. Ku Turkey anthu ochuluka sankaifuna nkhondoyo, ndipo pa 1 March nyumba ya malamulo ya dzikolo sinavomereze kuti asilikali a America adutse m'dziko lawo polowa mu Iraq. Aphunguwo ankadziwa kuti akabwerera kwa anthu omwewo kukapempha mavoti. Mfuu imagwira ntchito ikalunjika kwa munthu amene simungamusowe, amenenso sangakhale pampando popanda inu.

Chaka chomwecho amayi a ku Liberia anachita chinthu chimene ndimafuna mayi aliyense wa kuno kwathu atachidziwa. Kumeneko nkhondo inali itayaka kale, koma njira yawo ndi yomwe ikuyankha funso lanu. Leymah Gbowee ndi anzake anasonkhanitsa amayi achikhristu ndi achisilamu, ambiri a iwo ogulitsa pamsika. Ankavala zoyera n'kukhala pansi pabwalo lina pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia, pomwe galimoto za Pulezidenti Charles Taylor zinkadutsa. Osati tsiku limodzi ayi. Tsiku ndi tsiku, padzuwa ndi pamvula, mpaka Taylor anavomera kukumana nawo. Zokambirana za mtendere zitayamba ku Accra, m'dziko la Ghana, amayiwo anatumiza anzawo komweko, ndipo ataona kuti akuluakulu a nkhondo akungozengereza, anakhala pansi kutseka zitseko za holo kuti asatuluke asanagwirizane. Pangano linasainidwa pa 18 August 2003.

Taonani kuti amayi amenewa sanayambire pamsewu. Anayambira m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pamsika, kumene ankadziwana kale mayina ndi mavuto. Apa ndi pomwe ine ndimaima: chionetsero ndi chipatso, mtengo wake ndi anthu amene anazolowera kukumana nkhondo isananunkhe n'komwe.

Tibwere kunyanja kwathu. Mkangano umene ukukusowetsani tulo unakula mu 2012, boma lathu litapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanja kwa kampani ya Surestream chaka cha 2011. Malawi imagwira pangano la Heligoland la 1890, la pakati pa Britain ndi Germany, lomwe linaika malire kugombe la kum'mawa. Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Mawu olusa analankhulidwa nthawi imeneyo, koma a Joyce Banda ndi a Jakaya Kikwete, apulezidenti a Malawi ndi Tanzania pa nthawiyo, anapereka nkhaniyi kwa atsogoleri opuma, motsogozedwa ndi a Joaquim Chissano a ku Mozambique. Sinathe mpaka lero, koma palibe mfuti inalira. Ine ndimakhulupirira kuti pangano la 1890 lili kumbali yathu. Koma kukhulupirira zimenezo sikundipatsa chilolezo chotumiza mwana wanu kukafera pamadzi pamene makhoti ndi mkhalapakati zilipo.

Anyamata olemba "tikawaswe" aja sanaionepo nkhondo. Akafunse agogo a ku Dedza, Ntcheu kapena Nsanje mmene zinalili pamene anthu oposa miliyoni imodzi anathawira kuno kuchokera ku Mozambique, nkhondo yawo isanathe mu 1992. Ndipo nyanja yomweyi inalawapo kale: mu August 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani kugombe la kum'mawa, mwezi wotsatira anthu n'kuphana ku Karonga. John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo yosawakhudza, kusiya akazi amasiye ndi ana. Ananena zoona, koma atsamunda anatsekereza mawu ake, ndipo makolo athu ambirimbiri anatengedwabe kukasenza katundu wa nkhondo pa mtengatenga.

Tsono inu muyambire pati? Pamene muli kale. Muli ndi mvano kapena dawa, muli ndi banki m'khonde, alongo anu ali ndi komiti ya pagombe. Kuno ku Nkhotakota Msilamu ndi Mkhristu amagawana usipa m'bwato limodzi, amalirana maliro. Chuma chimenechi amayi a ku Liberia anachita kuchivutikira, ife tili nacho kale. Kambiranani nkhaniyi m'magulu amenewa anthu asanatenthe mitu. Pezani wina afotokoze bwino za mkanganowu, chifukwa mphekesera zimakula pomwe anthu sadziwa mutu wa nkhani. Kenako pitani kwa amfumu, kwa abusa ndi mashehe, ndiponso kwa phungu wanu, mumufunse pamaso pa anthu kuti iye waima pati. Wailesi ya m'dera lathu ilipo, imbani foni pa mapologalamu ake.

Chimene ambiri amaiwala ndi tsidya linalo. Amayi athu a geni amadutsa pa Songwe kukapikula katundu ku Kyela ndi ku Dar es Salaam, ali ndi manambala a anzawo kumeneko. Kugombe la Mbamba Bay kuli asodzi odalira madzi omwewa, ndipo mipingo yathu ili ndi abale ake uko. Mtsogoleri savutika kunyoza gulu la mbali imodzi, amangoti ndi ogulitsa dziko. Koma asodzi a mbali zonse ziwiri akanena mawu amodzi tsiku limodzi, bodza loti "anthu aja amatida" limasowa pogwira.

Tsiku loguba likafika, gubani mwalamulo. Gawo 38 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, wopanda zida. Lamulo la apolisi limafuna kuti mudziwitse bwanamkubwa wa boma kusanatsale maola 48. Sankhani anthu anuanu oyang'anira mzere, odziwa nkhope za anzawo, kuti wobwera ndi mwala kapena wofuna kuthyola sitolo aonekere msanga. Sindinena izi mopepuka. Pa zionetsero za pa 20 July 2011 tinataya anthu 20, ndipo gulu lokana nkhondo likakhetsa magazi ladzitsutsa lokha. Uthenga wanu ukhale umodzi, woti mwana wa sukulu atha kuunena: nkhani ya nyanja ithere pa zokambirana. Ndipo musanabalalike, gwirizanani tsiku lokumananso.

Za mwana wanu, musamuone ngati ali mbali ina. Msilikali sasankha nkhondo, amangotumidwa, ndipo mabanja amene analandira mabokosi kuchokera ku Congo akudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Amayi a asilikali akalankhula, ngakhale nduna imatchera khutu.

Lachinayi likubwerali, mapemphero a amayi akatha, pemphani mphindi khumi muwawerengere anzanu funso lomwe munanditumizira lija. Lembani mayina a amene atsalire kuti mukambirane, ngakhale atakhala asanu okha. Mukapangana tsiku, mundilembere. Ndikwera minibasi pa boma pano ndibwere ku Dwangwa tidzakhale limodzi.