Kachilombo ka hepatitis B kamabweretsa bwanji khansa ya chiwindi?

FUNSO: Adokotala, achimwene anga anamwalira chaka chatha ndi khansa ya chiwindi ali ndi zaka 41. Mowa sankalawa n'komwe. Kuchipatala anati gwero lake ndi hepatitis B, ndipo nane atandiyeza andipeza nako kachilomboko, chonsecho sindimva kupweteka paliponse. Kodi kachilombo kamasanduka bwanji khansa? Ndili ndi mantha.
Mayi wa ana atatu, Dwangwa, Nkhotakota

YANKHO: Pepani kwambiri mayi. Anthu ngati achimwene anuwo ndawaona ambiri. Amabwera mimba itatupa, maso ali chikasu, pomwe miyezi itatu yapitayo ankadula nzimbe bwinobwino.

Kachilomboka sikasanduka khansa ayi, koma kamasokoneza mauthenga a m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi. Selo ya chiwindi siigawikana mwachisawawa. Imadikira uthenga woti "gawikana", kenako wina woti "basi, ima". Ikawonongeka kwambiri, puloteni yotchedwa p53 imailamula kuti ife isanabale zinzake zolakwika. Mauthengawa akasokonekera, maselo olakwika amangochulukana osaima, ndiye khansayo.

Tsono hepatitis B akalowa m'selo amapanga puloteni yakeyake, dzina lake HBx. Ntchito yake yoyamba ndi kuwonongetsa mapuloteni a Smc5/6, omwe akanatsekereza kachilomboko kuti kasachulukane. Koma HBx siilekera pomwepo. Imakolezera njira ya mauthenga yotchedwa Wnt, imene imauza selo kuti igawikane, ndipo imagwira p53 n'kuifooketsa. Zili ngati nyakwawa yomwe ikumema anthu m'dzina la amfumu, amfumuwo itawatsekera m'nyumba. Nthawi zina tizidutswa ta DNA (malangizo a chibadwa) ya kachilomboka timadzilumikiza ku DNA ya selo, pafupi ndi jini (kachigawo ka DNA) yotchedwa TERT, ndiye seloyo siikalambanso monga mwa nthawi zonse. Pamwamba pa izi, chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi maselo odwalawo chaka ndi chaka, chiwindi n'kudzaza zipsera. Zonsezi zimatenga zaka 20 kapena 30 munthu osamva kanthu.

Chimene chimandiwawa kwambiri kuno kunyanja ndi chuku. Mtedza wabwino timagulitsa, wofota ndi wowawa uja n'kusungira nsinjiro zothira m'nkhwani. Poizoni wa chuku, aflatoxin, amawononga jini yopanga p53 yomwe ija, imene HBx yaifooketsa kale. Ziwirizi zikakumana m'chiwindi chimodzi, chiopsezo chimakwera kwambiri. Mtedza ndi chimanga cha nkhungu tayani, mayi, ngakhale mtima ukuwawa.

Dziwaninso kuti ambiri amene ali ndi kachilomboka sadwala khansa. Pitani akayeze mmene chiwindi chanu chikugwirira ntchito, akuuzeni ngati mukufunika tenofovir. Mankhwalawa sachotseratu kachilombo, koma amakapondereza ndithu, ndipo chiopsezo cha khansa chimatsika. Mukawayamba musasiye panokha. Popeza khansayi yalowa kale m'banja mwanu, pemphani kuti azikujambulani pamimba miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Mowa ndi mankhwala azitsamba osadziwika bwino, zitalikireni.

Kunyumba pasakhale kulozana zala. Ambiri kuno anakatenga ali makanda, ndipo mwa ana 10 otenga pobadwa, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse. N'kutheka kuti inu ndi achimwene anu munakatenga muli aang'ono. Bambo akunyumba, abale anu a bere limodzi ndi ana atatuwo akayezetse. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kusikelo m'Malawi muno mu 2002, choncho onani m'timabuku ta anawo ngati anabayitsa katatu konse.